Nkhumba ya Lamulungu

Panali mayi wina wa Chisamoa mumzinda wa Logan, kutali ndi kwawo, dzina lake Sieni. Bambo ake, a Lafaele, atagwa ndi sitiroko, iye anasiya ntchito n'kumakhala nawo kuchipatala. Kuwasambitsa ndi iye, kuwagwira pa mafizo ndi iye. Mkuluyo anayamba kuponda pansi, ndipo madokotala anati posachedwa abwerera kwawo.

Koma pakhosi panali pasanachire. Namwino anamuuza Sieni maso ndi maso: "Phala lathu lokhali basi. Cholimba chilichonse chilowa m'mapapo."

Sieni anamvera, ngakhale bambo ake ankalira akaona phalalo.

Kenako kunatulukira azakhali ake, a Fuatino, kuchokera ku Samoa. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anafika ndi amayi a mpingo, atanyamula nkhumba yootcha ndi koko wophikira mkaka wa kokonati. Inu, fungo wodi yonse!

"Zakhali, achipatala analetsa."

"Analetsa ndani? Mchimwene wanga waonda chonchi iwe ulipo? Tonse tidye za Lamulungu, mwini banja azinyambita phala ngati khanda?"

"Akhoza kutsamwa, zakhali."

"Wayamba liti udokotala? Wandiyankha pamaso pa anthu, mwana iwe?"

Kwawo ku Samoa mawu a mlongo wa bambo sabwezedwa. Amayi a mpingo onse maso pa Sieni. A Lafaele nawo anatambasula dzanja lawo labwinolo.

Sieni anatseka katani. Anadula kanyama kakang'onong'ono, nawapatsa ndi dzanja lake. Mkuluyo anakhosomola pang'ono, kenako n'kumwetulira.

"Mwaona? Wafa ndani?" anaseka azakhali.

Mmawa mwake thupi linali moto. Chibayo. Anawathamangitsira kwa odwala kwambiri, ndipo atatulukako, mwendo wawo sunapondenso pansi. Mafizo onse aja anathera pomwepo.

Dokotala atafunsa amene anawadyetsa, azakhali anayang'ana kudenga. Sieni anati, "Ndine." Mlungu womwewo azakhali anakwera ndege.

Abale, zimandiwawa ine. Lero a Lafaele ali kunyumba yosungira okalamba, chakudya chimalowera pachubu cha pamimba. Salankhula. Sieni akabwera madzulo kudzawapukuta kumaso, amamugwira dzanja n'kuliika pakamwa pawo, kupempha kanthu kena. Iye amangolira.

Phunziro: Ngati ukusamalira wodwala, lola achibale akutukwane, akunene kuti ndiwe wamwano. Iwo adzapita kwawo, pabedi udzatsalapo wekha. Tumizani kwa aliyense amene akudwazika, lisanafike Lamulungu likubwerali.