Makina Akudikira Zione

Zione ankasankha nyemba pang'onopang'ono, kamwala kamodzikamodzi, maso ali m'lichero. Pabwalo, makina omanga nyumba a m'mudzimo anali chiimire, atanyamula njerwa m'mwamba. Lamulo lawo n'lodziwika: sayala njerwa mpaka aliyense wodzagona m'nyumbamo atavomera ndi pakamwa pake. Onse anali atavomera kupatula Zione, ndipo mawa lake makinawo ankapita kukamanga kwa a Nkhoma.

"Mwina akufuna thobwa," anatero amayi ake, akuika chipanda pafupi ndi tayala la makinawo. "Mmisiri sagwira ntchito kukhosi kuli gwaa."

"Amwera pati?" anakalipa abambo. "Iwe Zione, kungoti inde basi! Ukufuna dzinja litipeze m'chisakasa?"

"Ameneyu nyerere ikamuluma, wopepesa amakhala iyeyo," anaseka mchimwene wake, amene chipinda anali atapata kale.

Makinawo anatembenuzira diso lawo kwa Zione, n'kudikira. Chibadwire, palibe anamudikirapo chonchi.

Zione anaika lichero pansi.

"Ababa, pa pulani ya nyumbayi mwandigoneka ndi matumba a chimanga. Ndikufuna chipinda changa, cha chitseko, osati chotchinga ndi chitenje. Apo ayi, njerwayo igone m'mwamba momwemo."