Nyani Agwetsa Mitengo ya Mphalabungu

Padangotero, chaka china cha njala, Nyani ndi Birimankhwe adapikisana kutola mphalabungu zokagulitsa kumsika. Birimankhwe adakwera mtengo pang'onopang'ono monga mwa chikhalidwe chake, n'kumatola imodziimodzi. Mwadzidzidzi adangomva kuti khuu! Pocheuka adaona Nyani atagwetsa mtengo wathunthu ndi nkhwangwa, akungokokolola mphalabungu m'dengu.

"Kalanga ine! Achimwene, mpaka kudula mtengo chifukwa cha ndiwo?"

"Kukwera n'kutaya nthawi," adayankha Nyani. Sabata isanathe adagwetsa nkhalango yonse, ndipo adapambanadi.

Mvula itagwanso, Birimankhwe adam'peza atakhala pachitsa, dengu lopanda kanthu, ana akulira njala.

"Kodi mphalabungu zachedwa kuti chaka chino?" adafunsa Nyani.

Birimankhwe adatong'ola maso onse awiri. "Achimwene, mukufunsadi? Chitsa mwakhaliracho ndiye kudali kwawo!"