Mfundo ya pa Phewa la Kumanja

Kasitomala wachisanu ndi chiwiri atatuluka akupukusa khosi, Mayi Chigongono anasintha nsalu ya pabedi n'kukhala kaye pampando. Zala zinali zitachita dzanzi. Lachisanu ndi choncho: maofesi onse a m'nyumba yosanja imene ankagwiramo ntchito amatsikira m'kachipinda kake kudzatikitidwa minofu, aliyense ndi khosi louma ngati chikuni. Dzina loti Chigongono anamupatsa ndi anthu omwewo, chifukwa zala zikalephera amaloza chigongono m'mnofu mpaka bwana wa tayi kulira kuti mayo.

Luso limeneli analiyambira pa bambo ake. Iwo ankanyamula matumba kumsika waukulu, ndipo madzulo alionse mwanayo ankawatikita phewa lomwe khungu lake linada n'kuuma ngati chikopa. Chiyambire nthawi imeneyo, msana wa munthu sunkamunamiza. Pakamwa pamanama, koma mnofu ayi.

Wachisanu ndi chitatu anali mwamuna wake. Anakhala pabenchi ya pakhomo, tayi pakhosi, manja m'thumba. Sanabwere mwakufuna kwake. Mkaziyo anali atanena m'mawa kuti, "Lero mukaweruka mudzere kuntchito kwanga. Mukapanda kutero, musadzandifunse."

Mwamunayo anali kalaliki pakampani ina kutsidya kwa tauni, zaka khumi ndi chimodzi ali pakompyuta. Monga aliyense wa ntchito yokhala pansi, anali ndi mfundo yake pomwe khosi limakumana ndi phewa la kumanja. Lamulungu lililonse Mayi Chigongono ankalimbana nayo. Inkafewa, koma pofika Lachitatu yabwerera. Mpaka ankaitchula moseka kuti mkazi mnzanga.

Koma kwa miyezi inayi tsopano, mwamunayo sankafunanso kutikitidwa. Ankafika kunyumba atasamba kale, akununkhira sopo wachilendo. Ankadya ngati anthu awiri, kenako kugona atavala sikipa, nkhope kukhoma. Ngakhale kumugwira dzanja mkazi wake, ayi ndithu. Ngakhale mwana wakhanda akanadziwa tanthauzo lake. Chikwama cha zovala za mayiyo chinali kale kuseri kwa matawulo m'kachipindamo, ndipo mchemwali wake anali atanena kuti chipinda chilipo. Chinatsala n'chakuti zala zake zitsimikize.

"Lowani, bambo a mwana. Vulani."

Mwamunayo anavula jekete, tayi ndi shati. Sikipa anaisiya.

"Kukuzizira," anatero, thukuta lili pamphumi.

Anagona chafufumimba, manja atawafumbata pansi pa chifuwa. Mayi Chigongono sanalimbane naye. Mphamvu zokangana analibe, zonse zinathera pa misana ya eni ake. Anaika chala chachikulu pakhosi n'kutsetsereka pang'onopang'ono kupita ku phewa la kumanja, njira imene ankaidziwa kuposa ya kunyumba kwake.

Mfundo ija panalibe.

Anafufuzanso. Anakanikiza ndi zala ziwiri, kenako ndi chigongono chenicheni. Mwamunayo sanabuule n'komwe. Mnofu unali womasuka bwinobwino, wamphamvu, ngati wa mnyamata. Aa, zoona? Mfundo ya zaka khumi ndi chimodzi siichoka ndi pemphero. Munthu akadali pakompyuta, imachoka pokhapokha wina akuisamalira tsiku ndi tsiku, ndi manja odziwa, mosathamanga.

Zinamupweteka kawiri. Kulandidwa mwamuna n'kwina, anzake ambiri zinawachitikira ndipo akuyendabe. Koma kuti wolandayo amuposenso pa ntchito yake yomwe? Iye wakhala akuthyoka zala zaka zonsezi, wina n'kungobwera miyezi inayi basi, mfundo n'kutheratu! Anafuna kulira, koma ngakhale misozi inali yotopa.

Anasuntha dzanja kupita kumanzere. Mwamunayo anadzidzimuka n'kukweza phewa.

"Uko ayi, mayi a mwana. Uko kuli bwino."

Ehe, ndiye kumeneko. Mayi Chigongono anali ataona misana yokwanira pa ntchito yake. Ankadziwa zimene amuna amabisa pansi pa sikipa: mikwingwirima ya zikhadabo, nthawi zina mano amene. Anayang'ana kuseri kwa matawulo komwe chingwe cha chikwama chinkaonekera. Anapukuta mafuta m'manja mwake, chala chimodzichimodzi.

"Ndatopa, bambo a mwana," anatero motsitsa mawu. "Sindikuwa, sindiswa kanthu. Mungondiuza kuti ndi ndani, ndizipita kwa achemwali."

Mwamunayo anakanikiza nkhope m'bowo lopumira la bedi lotikitiralo. Kunja wina anagogoda, mwina wa khosi louma winanso, kenako mapazi anabwerera.

"Mwakana kunena? Chabwino. Msana unena."

Anagwira khosi la sikipa n'kukokera pansi mwamphamvu mpaka ulusi unathetheka.

Zikhadabo panalibe. Pa phewa la kumanzere panali khungu lakuda, louma ngati chikopa, lomwe lija la bambo ake.

"Ntchito inatha miyezi inayi yapitayo," mwamunayo anayankhulira m'bowo muja, akutulutsa manja ong'ambikang'ambika. "Ndimatsitsa matumba a simenti. Tayi ndimamangira kubafa ya komweko, kuti inu musaone."