Mbawa ya Ndaziona

Kuno kumalire lamulo ndi limodzi m'mayiko onse awiri. Mwana akayamba sukulu amamubzalira mbawa m'mphepete mwa msewu wamalire, ndipo akasiyira panjira amaidula. Mbali yathu timabzala zambiri chaka chilichonse, koma zitsa nazonso zili mbwee. Tsidya linalo amabzala zochepa, koma zimakula mpaka kuphimba msewu.

Alamu anga a Mvula, a tsidyalo, sadutsa osatiseka. "Inu mumangodziwa kubzala basi," amatero, akuloza zitsa ndi ndodo.

Mwana wanga Ndaziona atabereka ali Fomu 3, odula mitengo anatumiza uthenga kuti abwera Lolemba. Ndinapeza bambo ake akuyeza kale pakhomo ndi chingwe.

"Ndi mtengo wabwino uja, mayi a Ndaziona. M'menemo mutuluka chitseko."

"Chitseko chotsekera ndani? Mwana wanu yemweyo?"

Lisanafike Lolembalo ndinakulitsa yunifolomu yake ndi kansalu m'mbali. M'mawa mwake iye analowa m'kalasi, khanda lili kumsana kwanga. Nthawi yopuma ndinkaima kuseri kwa mpanda wa sukulu kuti liyamwe. Odulawo anabwerera macheka ali paphewa. Munda wathu unalowa tchire chaka chimenecho, ndipo pakhomo pathu mpaka lero timatseka ndi chitseko cha bango. Ndilibe nazo ntchito.

Dzulo Ndaziona wamaliza mayeso a Fomu 4. A Mvula anafika thukuta lili kamukamu, n'kukhala pansi pa mbawa yake.

"Alamu, mwasokera," ndinatero. "Mthunzi umenewo ndi wa ife ongodziwa kubzala."