Chala cha Cordell

"Usagwedeze mutu, Cordell! Ukundimva?"

Cordell Maybin ankamva bwinobwino mawu a dokotala wa timu yawo, amene anali atamuweramira. Koma kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, thupi linali ngati la mwini.

Zaka zonse zimene anasewera mpira wonyamula m'manja m'ligi yaikulu, ntchito yake inali kutchinga zimphona ndi kuwakha mpira pakati pa adani. Tsikuli anauwakhanso, koma anyamata awiri anamuwomba nthawi imodzi.

"Mpira uja ndagwetsa?" anafunsa.

"Iwe n'kugwetsa? Ukadali wathu," anayankha Tavita, mnzake wa m'timu, atagwada pambali pake.

Anamumangirira pa machira, mutu womwe, n'kumukweza pa kagalimoto. Bwalo lonse linali zii.

"Tavita, amayi akuonera pa wailesi yakanema ku Mississippi, ndipo mtima wawo uja ukuudziwa. Ndikweze chala, aone kuti ndili bwino."

"Kweza, m'bale wanga."

Cordell anakukuta mano, thukuta lili kamukamu. Dzanja linangoti phee pa machirapo.

"Chakwera?"

Tavita anayang'ana dokotala, dokotalayo n'kuyang'ana kumbali. Ndiye Tavita anagwira dzanja la mnzakeyo ngati akutsanzika, n'kukankha chala chachikulu ndi chake, n'kulinyamula m'mwamba.

Bwalo linaphulika. Anthu anaimirira, kuwomba m'manja ndi kufuula dzina la Cordell.

Iye anamwetulira, maso ali kumwamba.

"Wamva, Tavita? Chakwera! Ndiye kuti si zoopsa, eti?"