Mawu a pa Bolodi

Foni inalira mphunzitsi atangolemba pa bolodi kuti KUSIYA. Anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akufufuza za Chibuda cha masiku ano pa yunivesite, ndipo mawu amenewa ndi omwe anasankha pofotokoza chiphunzitso choti munthu asamakakamire kanthu, poti zonse n'zakutha.

Anakayankhira panja. Anali mlongo wake.

"Achimwene, amayi atisiya. Pompano, ine ndikuwamwetsa madzi."

"Chabwino, ndamva," anatero, n'kudula foni ngati wauzidwa kuti msonkhano wasintha tsiku.

Anabwerera m'kalasi. Fani yakudenga inali ikuzungulirabe. Anaona kuti wapaka fumbi la choko pa foni, n'kuyamba kulipukuta ndi chala pang'onopang'ono. Anadikira kuti mumtima mupweteke, koma munali zii.

Mtsikana wa mpando wakutsogolo, wosatopa ndi mafunso, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mwati wosiya ndiye amapeza mtendere. Nanga wosiyidwayo, mabuku anuwo amati atani?"

"Chibwenzi chatha apa!" anakuwa wina kumbuyo, ndipo onse anafa nacho chiseko.

Mphunzitsi sanaseke. Anatembenukira ku bolodi n'kuyang'anitsitsa mawu aja kwa nthawi yaitali, mpaka phokoso linatha lokha. Kenaka anafufuta zilembo ziwiri zoyambirira ndi chikhatho, n'kulembapo ATI.

ATISIYA.

Anaima pomwepo, choko chili m'manja. Kumbuyo kwake kalasi yonse inawerama, n'kuyamba kukopera m'makope.