Dzanja pa Mpiringidzo

Sayirini ya m'tauni yochenjeza za mphepo yamkuntho inali ikulirabe pamene Darlene anaima pamakwerero a chipinda chobisalamo chapansi pa nthaka, atagwira chitseko chachitsulo. Kumwamba kunali kutabiriwira, matalala akuswa magalasi a galimoto pabwalo.

"Amayi, tsekani!" anakuwa Shawna, mwana wake, atapanikiza khanda pachifuwa. "Pawailesi akuti kamvuluvulu wadutsa kale patchalitchi!"

"Bambo ako akubwera. Angopita kukatenga a Hollis, aja oyendera ndodo."

"Nanga mwanayu, amayi?"

Darlene anasuzumiranso. Kumpanda kunalibe munthu, lata lokha ndilo linkauluka ngati pepala. Khanda linalira. Darlene anakoka chitseko ndi manja onse, nalowetsa mpiringidzo.

Mumdimamo makutu ake anatseka. Pamwamba panadutsa chimkokomo ngati sitima, fumbi likuyoyokera m'tsitsi.

Kenako chitseko chinagunda katatu.

"Ndi nthambi imeneyo, musatsegule," ananong'ona Shawna.

Chinagundanso, ndipo mawu osasa a mwamuna wake anamveka pamng'alu wa chitsekocho.

"Darlene iwe! Zaka makumi anayi tili limodzi, wanditsekera panja lero? Tsegula, mkuluyu ndamubereka ndipo akulemera!"